Nkhani ya nyanja ikayambanso kutentha pakati pa ife ndi Tanzania, muziitsatira chonchi

Mkangano wa nyanja ya Malawiwu sutha, umangogona. Nduna ina ku Dodoma kaya ku Lilongwe ikangotsegula pakamwa, kapena mapu ena ake akatuluka, basi magulupu onse a WhatsApp ayaka, ena ayamba kale kuwerengera kuti asilikali ndi angati uku ndi angati uko. Ine ndimakhulupirira ndi mtima wonse kuti pa malamulo mfundo za Malawi ndi zolimba kuposa za anzathuwo, koma makambidwe athu amandidandaulitsa, tambiri timakuwa kuti nyanja ndi yathu koma wina atatifunsa kuti chifukwa chani timangoti chifukwa ndi yathu basi. Nde ndati ndilembe mmene munthu wamba ungaitsatire nkhaniyi osapusitsidwa, komanso mmene ungayankhire mTanzania wodziwa zinthu popanda kutukwana.

Yambani ndi pepala lenilenilo, musanamvere wandale aliyense. Pa 1 Julayi 1890 Britain ndi Germany anasainirana pangano lomwe limatchedwa la Heligoland, lili pa intaneti ndipo si lalitali, mutha kuliwerenga pa foni mukudikira minibasi kuti idzaze. Pitani pa gawo loyamba pomwe akufotokoza malire a kummwera kwa dziko lomwe Germany ankalamulira, lomwe pano ndi Tanzania. Malirewo akutsata mtsinje wa Ruvuma, kenako akafika pa nyanja akukwera motsata gombe la kummawa, la kumpoto mpaka kukhotera chakumadzulo pomwe mtsinje wa Songwe umathira m'nyanja. Gombe, osati pakati pa madzi. Mlandu wonse wa Malawi wakhala pamenepo. Pamwamba pake muikepo zomwe atsogoleri a mu Africa anagwirizana ku Cairo mu 1964, kuti dziko lililonse lilemekeze malire omwe linawapeza polandira ufulu, ndipo mfundo yomweyo inalowanso m'malamulo a AU. Anachita zimenezo akudziwa bwino kuti malire a atsamunda ndi okhota, koma anaona kuti kuyamba kuwafukula kubweretsa nkhondo paliponse.

Ndiye pali china chomwe ambiri sachidziwa koma ndi cholemera kwambiri mukamakambirana ndi anzathuwo. Mu 1960 Julius Nyerere mwiniwake anauza nyumba ya malamulo ya Tanganyika, dzina la dziko lawo panthawiyo, kuti nyanjayi siili mkati mwa dziko lawo, ndipo mu 1962 Rashidi Kawawa ali nduna yayikulu ananenanso zomwezo. Tanzania inadzasintha mawu mu 1967, nkuyamba kunena kuti malire ali pakati pa nyanja. Mukafika apa dzifunseni kuti chinachitika nchiyani pakati pa zaka zimenezi, chifukwa ndi pomwe mungaphunzire kawerengedwe ka mikangano yonse ya mayiko oyandikana. Mu 1964 nduna zinayambana ndi a Kamuzu, anthu ngati Kanyama Chiume ndi Yatuta Chisiza anathawira ku Tanzania, a Kamuzu nkumaona kuti Nyerere akusunga adani awo. Mbali inayi Nyerere ankathandiza Frelimo, gulu lomwe linkalimbana ndi Apwitikizi ku Mozambique, ndi omenyera ufulu ena pomwe a Kamuzu ankagwirizana ndi Apwitikizi ndipo mu 1967 anatsegula ubale ndi boma la tsankho la South Africa. Chaka chomwecho Yatuta analowa m'dziko ndi gulu la zida nkuphedwa cha ku Mwanza. Mu 1968 a Kamuzu nawo anafika ponena kuti madera ena a kummwera kwa Tanzania kale anali a Malawi. Mukuona? Nyanja inalowa m'mkangano womwe unayambira kwina.

Chimodzimodzi 2012. Kwa zaka zambirimbiri nkhaniyi inali zii, asodzi akuwedza mbali zonse, kenako mu 2011 boma lathu linapereka chilolezo kwa kampani ya ku Britain ya Surestream kuti ifufuze mafuta kumpoto kwa nyanja, pasanathe chaka Tanzania inati kafukufukuyo aime. Nde nthawi iliyonse nkhaniyi ikadzuka, musathamangire kufunsa kuti wayamba ndani, funsani kaye kuti chasintha nchiyani, pali mafuta kapena gasi, pali doko lomwe likumangidwa ngati lija la Mbamba Bay, kapena zisankho zayandikira kwinakwake ndipo wina akufuna kuoneka wolimba mtima pamaso pa ovota.

Kenako phunzirani mfundo za a Tanzania mmene iwo eni amazinenera, osati mmene ife timazinyozera. Izi ena zimawawawa koma palibe kuchitira mwina, loya amene sanawerenge mapepala a mbali inayo amakagwa m'khothi. Iwo amati nyanja zikuluzikulu zomwe zili pakati pa mayiko zimagawidwa pakati, amaloza nyanja ya Tanganyika. Amati ena mwa mapu omwe Angerezi omwewo anatulutsa akulamulira Tanganyika ankaonetsa mzere pakati pa madzi, ndipo zimenezo ndi zoona, mapu a nthawi imeneyo sankagwirizana okhaokha. Amakumbutsanso kuti Ajeremani anali ndi sitima yawo pa nyanjapo, Hermann von Wissmann, yomwe sitima ya Angerezi inakaiwombera ku Liuli mu Ogasiti 1914 nkhondo yoyamba ya dziko lonse itangoyamba. Koma mfundo yawo yomwe imagwira mtima kwambiri ndi ya anthu. Taganizirani mayi wa ku Matema kapena ku Mbamba Bay, kugombe la Tanzania, watsikira ku gombe mmawa ndi ndowa ndi mbale zoti atsuke, mwana ali kumbuyo, mwamuna wake akukoka bwato la usipa, makolo awo anamwa madzi omwewo atsamunda asanabwere, ndiye mumuuze kuti phazi lako likangoponda madzi walowa dziko la eni. Funso limenelo silopusa ndipo tisamaliyankhe ndi chipongwe.

Yankho lake lilipo. Lamulo logawa pakati limagwira ntchito pomwe palibe pangano lina, pano pangano lilipo ndipo mawu ake ndi omveka. Mapu olakwika sangafute pangano losainidwa. Akakuuzani kuti nanga bwanji Mozambique ili ndi gawo la nyanja, auzeni kuti poyamba nakonso malire anali pagombe, koma mu 1954 Britain ndi Portugal anakhala pansi nkusainirana pangano latsopano losuntha malire kupita pakati, Likoma ndi Chizumulu nkutsalabe zathu ngakhale zazunguliridwa ndi madzi a Mozambique. Kumpoto kulibe pangano lotere. Pangano la 1890 lomwelo limalola kukonza malire koma pokhapokha mbali ziwiri zitagwirizana, osati wina kungodzuka nkujambula mapu ake. Za mayi wa ku Matema uja, umwini wa nyanja ndi nkhani ina, ufulu wotunga madzi, kuwedza ndi kuyendetsa maboti ndi nkhani inanso, ndipo mayiko amatha kulemberana zimenezi padera. Ili ngati nkhani ya chitsime chomwe chili m'munda mwanu koma mudzi wonse umamwapo kuyambira kale, munda ndi wanu ndithu koma simutseka njira ya kuchitsime. Ine ndimaona kuti Malawi akamanena mbali iyi mokweza, kuti palibe akufuna kulanda msodzi wa tsidya lija ukonde wake, mlandu wathu umamveka bwino kwa anthu akunja.

Tsopano za kusiyanitsa phokoso ndi mawu a boma, apa mpomwe ambiri timagwa. Phungu akayankhula m'nyumba ya malamulo si boma layankhula. Mu 2012 Edward Lowassa, yemwe ankatsogolera komiti yoona za chitetezo ku nyumba ya malamulo ya kwawo, anayankhula zosonyeza kuti ali okonzeka kumenya nkhondo, anthu ku Karonga anagona ndi mantha, koma pulezidenti wawo panthawiyo Jakaya Kikwete atakumana ndi mayi Joyce Banda ku Maputo mu Ogasiti chaka chomwecho ananena poyera kuti nkhondo kulibe. Nde mukaona nkhani yoopsa, onani kaye kuti wanena ndi ndani ndipo ali ndi mpando wanji. Zomwe zimawerengedwa ndi chikalata cha unduna woona za ubale ndi mayiko ena, kalata yomwe boma lalembera boma linzake kudzera kwa kazembe, chikalata chomwe nduna ziwiri zasainira limodzi pakutha pa msonkhano. Mukamva kuti kazembe waitanidwa kuti akafotokoze, dziwani kuti akwiya koma akuyankhulana. Kazembe akabwezedwa kwawo kapena boda ikatsekedwa, apo nde zafika pena.

Voisi noti ya munthu wosadziwika yoti mlamu wanga ndi msilikali wandiuza kuti akubwera usiku uno, musaitumize kwa wina. Chithunzi cha magalimoto a nkhondo, chiikeni pa Google Lens muone komwe chinayambira, kawirikawiri mupeza kuti ndi cha dziko lina komanso cha kalekale. Kumbukirani aTanzania 8 aja anagwidwa pafupi ndi mgodi wa Kayelekera mu Disembala 2016, mphekesera zinali ponseponse kuti ndi akazitape, koma mlandu womwe unakafika ku khothi unali wolowa pamalo popanda chilolezo.

Funso lomwe limabwera nthawi zonse ndi loti bwanji osangopita ku khothi la ICJ, loweruza milandu ya pakati pa mayiko, ku The Hague zithe. Khothi limenelo siligwira dziko pakhosi kuti libwere, dziko liyenera kuvomera lokha. Malawi anavomera mphamvu za khothilo mu 1966, Tanzania sinavomere mwanjira imeneyo, nde popanda iwo kulola mlandu sungayambe. Nchifukwa chake kumapeto kwa 2012 mbali ziwirizi zinapereka nkhaniyi kwa atsogoleri opuma, Joaquim Chissano akutsogolera, pamodzi ndi Thabo Mbeki ndi Festus Mogae. Mkhalapakati sagamula, amangothandiza kuti mumvane, ndipo zokambirana za ku Maputo mu Malichi 2014 zinathera panjira chifukwa ife timati tiyambe tavomereza kuti malire ali pagombe, iwo amati tiyambe tajambula mzere pakati. A Peter Mutharika atalowa m'boma chaka chomwecho ananenetsa kuti za umwini wa nyanja sizokambirana.

Ngati mukufuna kudziwa mmene khothilo limaganizira, werengani milandu iwiri ya mu Africa momwe muno. Botswana ndi Namibia anakanganirana kachilumba ka Kasikili pa mtsinje wa Chobe, anagwirizana kupita ku khothi, ndipo mu 1999 oweruza anagwiritsa ntchito pangano lomweli la 1890 nkupereka chilumbacho kwa Botswana, uku mayiko awiriwo atamvana kuti maboti a onse aziyenda momasuka pamenepo. Cameroon ndi Nigeria anakhetsana magazi chifukwa cha Bakassi, dera la mafuta lomwe anthu ake ambiri anali a ku Nigeria, koma mu 2002 khothi linatsata pangano la Britain ndi Germany la 1913 nkupereka derali kwa Cameroon, ndipo Nigeria ndi mphamvu zake zonse zija inachokamo, kumaliza mu 2008. Milandu iwiriyi imandilimbitsa mtima kwambiri.

Musanalembe positi yoti tiwaonetse, tsegulani mapu muone komwe katundu wathu amadzera. Ife doko la panyanja yamchere tilibe. Mafuta ambiri a galimoto amachokera ku Dar es Salaam, mathanki kudutsa Mbeya, Kasumulu, kuwoloka Songwe, kukwera Chiweta. Imani pa boda ya Songwe mmawa muone azimayi atasenza mitolo ya zitenje zochokera ku Kyela, anyamata a kabaza akukankha njinga zolemedwa ndi nthochi, osintha ndalama atagwira makwacha dzanja ili mashilingi dzanja linalo, anthu akuyankhulana Chinkhonde ndi Chinyakyusa nkumamvana bwinobwino popeza ndi pachibale, ena anakwatirana. Mu Malichi 2025 boma lathu litaletsa kulowetsa zinthu zina monga ufa ndi mpunga, mu Epulo Tanzania inabwezera poletsa mbewu zathu nkuopsezanso za feteleza wodzera kwawo, masiku ochepa okha katundu anawolera pa boda ndipo amene analira ndi amayi a geni omwe anatenga ngongole ku banki mkhonde, mpaka nduna zinakakumana ku Dodoma kumayambiriro kwa Meyi nkukonza. Umenewo unali mkangano wa mpunga ndi nthochi chabe. Ndiye mukamayankha pa Facebook, menyani mfundo ya boma lawo, musanyoze mtundu wa anthu, chifukwa mawu amenewo amakathera pa dalaivala wathu yemwe wagona ku Mbeya ndi thanki, ndi pa mTanzania wogulitsa sipeyala mu Lilongwe yemwe za mapu sakuzidziwa nkomwe.

Kudekha sindikutanthauza kukhala chete, ndipo apa ndikufuna mundimvetse. Pa malamulo a mayiko, kukhala chete kumatha kukuluzitsa mlandu. Mu 1962 Thailand inaluza kachisi wa Preah Vihear kwa Cambodia makamaka chifukwa inalandira mapu oonetsa kachisiyo mbali ya Cambodia nkukhala zaka zambiri osatsutsa. Nde Tanzania ikatulutsa mapu okhala ndi mzere pakati pa nyanja ngati mmene inachitira mu 2016, kapena ikamamanga chinthu m'madzi, chofunika kwa ife ndi kalata ya boma yotsutsa, yolembedwa nthawi yomweyo nkusungidwa bwino. Chimenecho nchomwe muzifunsa phungu wanu akabwera kudera, kapena muimbe pa pulogalamu ya wailesi nduna ikakhalapo. Kalata yotsutsa inatumizidwa liti, anayankha chani, zokambirana za a Chissano zija zinaimira pati ndipo ndani akuzitsatira pano, mapu ndi makalata akale omwe ali kosungira zakale ku Zomba ndi ku London alipo amene anawasonkhanitsa pamodzi, ndipo mu bajeti ya chaka chino mwaikamo zingati za maloya ndi akatswiri oyeza malire.