Ana akachoka pakhomo: kukonzanso mphika, munda ndi tsiku lanu

Kuno ku Salima ndi ku Nkhotakota ana sachoka tsiku limodzi. Wachisamba amapita kuchikamwini, wina amapeza ntchito ya nzimbe ku Dwangwa, wina ali ku Lilongwe, wina wakwera basi ya ku Joni, ndipo mzime akasankhidwa kusekondale yogonera komweko, mumangozindikira kuti pamkeka mwatsala awiri, kapena nokha. Kusungulumwa kumabwera ndithu, ndipo si chamanyazi. Koma chimene chimakulitsa vutoli n'chakuti pakhomo pamayendabe ngati pa anthu asanu ndi awiri. Munda ndi womwewo, mphika ndi womwewo, pomwe manja ogwira ntchito achepa. Yambani kukonza zimenezi, chifukwa nthawi ndi mphamvu zochitira china chatsopano zichokera pamenepo.

Tsegulani thumba la chimanga la makilogalamu 50, lembani tsiku pakhoma kapena m'kope, ndipo muone tsiku limene lithere. Mukadziwa masabata amene thumba limodzi likukufikitsani, muwerengera nokha matumba a chaka chonse. Onjezerani awiri kapena atatu a alendo, a maliro, ndi a ana akabwera pa Khirisimasi kapena pa Idi. Popeza chimanga chizikhalitsa tsopano, kasungidwe kakhala nkhani yaikulu. Matumba a PICS, aja osalowa mpweya, safuna mankhwala, koma chimangacho chiume bwinobwino, mapulasitiki awiri a m'katiwo mumange lililonse palokha mutafinya mpweya, ndipo matumbawo akhale pathandala kutali ndi khoma. Khoswe akaboola kamodzi kokha, mpweya umalowa ndipo anankafumbwe amadzuka.

Chimene chimawononga thupi mwakachetechete ndi kusiya kuphika ndiwo. Munthu amati "ndiphikirenji ndekha," n'kumangogonera tiyi ndi mbatata. Gulani kamphika kakang'ono, musunge usipa wouma, nsinjiro ndi mfutso, kuti ndiwo za munthu mmodzi zizipsa msanga popanda kuwononga nkhuni.

Munda

Apa m'pamene makolo ambiri amadzipweteka. Amalima maekala atatu monga kale poopa kuti anthu anena kuti atha mphamvu. Mvula ikagwa amadzala monse, koma kupalira kumawapitirira, ndipo chimanga chimene chakhala m'tchire masabata oyambirira sichibwereranso ngakhale muthire feteleza wochuluka bwanji. Ekala imodzi yosamalidwa imaposa atatu otayirira. Mizere italikirane masentimita 75, mapando masentimita 25, mbewu imodzi paphando. Pa ekala pamalowa mbewu pafupifupi makilogalamu 10, thumba limodzi la NPK lokulitsa ndi limodzi la Urea lobereketsa. Kupalira koyamba kuthe chimanga chisanapitirire masabata atatu chimerereni.

Malo otsalawo musawasiye tsala. Chinangwa sichifuna manja ambiri chikagwira, chimadikira m'nthaka, ndipo kondowole amapulumutsa khomo m'miyezi ya njala, monga aliyense wa ku Nkhotakota akudziwira. Mukafuna kubwereketsa gawo lina, chitani pamaso pa amfumu, mulembe pepala lonena malire, mtengo, ndi kuti ndi dzinja limodzi lokha. Milandu yambiri ya minda imayamba ndi mgwirizano wa pakamwa umene wakhala zaka zingapo, wobwerekayo n'kudzalapo mitengo. Anawo auzeni musanabwereketse, makamaka ngati ndi malo a mbumba.

Olima mpunga, kaya ku Lifuwu, ku Bua kapena m'madambo a kwanu, akumbukire kuti kuokera ndi kupirikitsa mbalame inali ntchito ya ana. Ikani padera ndalama ya aganyu a ntchito ziwirizi musanafese nazale. Ngati ndalamayo palibe, chepetsani mapuloti.

Ndalama ndi foni

Paja amati fodya wako ndi amene ali pamphuno. Mwana wa m'tauni amalipira lendi, thiransipoti ndi makala, ndipo wa ku Joni nthawi zina amakhala miyezi osagwira ntchito. Zofunika za mwezi uliwonse, monga sopo, mchere, chigayo ndi mankhwala, ziyime pa zimene mumapeza nokha. Zimene ana atumiza zipite ku zinthu zazikulu monga feteleza ndi malata. Kambiranani ndi mwana aliyense payekha kuti angathe chiyani komanso liti, ndipo musamamuyerekeze ndi m'bale wake. Mawu akuti "mnzako uja watumiza" adanitsa abale ambiri.

Akuba a pafoni amakonda makolo amene ana awo ali kutali. Amaimba kuti mwana wanu wachita ngozi kapena wamangidwa, tumizani ndalama msanga. Dulani foni, imbirani mwanayo pa nambala imene mukuidziwa, kapena m'bale amene amakhala naye pafupi. Nambala yachinsinsi ya Airtel Money kapena Mpamba musauze munthu, ngakhale wonena kuti akuimba kuchokera kukampani. Ngati mwana ndiye ankakutapirani ndalama, akuphunzitseni mpaka muzichita nokha iye akungoyang'ana.

Banki m'khonde ndi yabwino pa msinkhu umenewu, chifukwa imasunga ndalama komanso imakupatsani tsiku lokumana ndi anzanu sabata iliyonse. Magulu ambiri amalola ngongole yofika katatu pa masheya anu. Koma musatengere ngongole mwana wa kutali kuti ayambire bizinesi. Iye akalephera, gulu silipita ku Lilongwe kukamufuna, limabwera kudzanyamula mbuzi ndi ziwiya zanu.

Pa za kuimbirana, sankhani tsiku lodziwika, mwachitsanzo Lamulungu madzulo. Kuflasha m'mawa ndi madzulo kumachititsa mwana kuopa foni yanu, poganiza kuti nthawi zonse pali vuto. Akadandaula za m'banja lake, mverani, koma mlanduwo upite kwa ankhoswe. Kholo likaweruza pafoni litamva mbali imodzi, anthuwo amadzagwirizana, chidani n'kutsalira pa inu.

Awiri m'nyumba

Mabanja ambiri akhala zaka akulankhulana kudzera mwa ana: "Kawauze bambo ako kuti nsima yapsa." Mthenga uja akachoka, m'nyumba mumagwa zii. Yambani ndi nkhani zimene zili ndi mutu, monga za munda uno, denga, kapena maliro amene mukuyenera kukapepesa, ndipo muzidyera pamodzi kamodzi patsiku, foni ndi wailesi zili pambali. Gawananinso ntchito zimene ana ankagwira. Zikangogwera mayi zonse, madzi, nkhuni ndi chigayo, msana umatha, mkwiyo n'kumera. Zigubu ziwiri za malita 20 panjinga ndi ntchito imene bambo angagwire m'mamawa, ndipo mbaula ya Chitetezo imachepetsa maulendo a kunkhuni. Kungonena kuti "Mayi a Chisomo, madzi ndikatunga ndine" kumasintha zambiri.

Nthawi imeneyi imakumananso ndi ya kusiya kusamba kwa amayi ambiri. Kutentha thupi mwadzidzidzi, thukuta la usiku ndi kupsa mtima msanga si ufiti ndipo si chidani. Kukhala malo amodzi m'banja sikuletsedwa chifukwa cha zimenezi. Ngati pali kuwawa, kapena magazi abweranso patapita chaka chathunthu atasiya, pitani kuchipatala osazengereza. Abambo nawo asamale kuti bawo ya masana isasanduke mowa wa tsiku lonse.

Chochita chatsopano

Ntchito yoti ikudzutseni m'mawa ikhale ndi tsiku ndi nthawi yake, ikhale yoti mukajomba anthu afunse kuti muli kuti, ndipo igwiritse luso limene muli nalo kale. Mvano, Dorika, Mothers' Union, mphakati, gulu la dawa la amayi achisilamu ndi makwaya zimakwanitsa zonsezi, koma kungokhala pabenchi sikukwanira. Tengani udindo umodzi, monga kusunga kaundula kapena kuyendera odwala a dera lanu. Sukulu za mkombaphala zimasowa ophika phala ndi olera, ndipo magulu a amayi a pasukulu za pulayimale amafuna anthu amene analerapo atsikana. Mphunzitsi wopuma angathandize pa sukulu ya kwacha, msodzi wakale angalowe m'komiti ya pagombe. Yambani ndi udindo umodzi, muugwire miyezi itatu musanavomere wina. Munthu akangooneka kuti ali ndi mpata, makomiti onse amamuthamangira, ndipo amatopa n'kusiya zonse.

Pa za bizinesi, dikirani dzinja limodzi musanaike ndalama zambiri. Mtima ukadali wosweka, munthu amagula bwato kapena njinga yamoto chifukwa chongofuna chomutangwanitsa, n'kupatsa mnyamata amene sangathe kumulondola. Nkhuku zachikuda ndi poyambira pabwino: misoti isanu ndi tambala mmodzi. Mdani wamkulu ndi chitopa. Katemera wa I-2 ndi dontho limodzi m'diso la nkhuku iliyonse, kuphatikizapo anapiye, miyezi inayi iliyonse. Amateteza nkhuku zathanzi, sachiritsa zodwala, choncho kudikira kuti za aneba ziyambe kufa ndi kuchedwa. Botolo lisakhale padzuwa, ndipo likatsegulidwa ligwire ntchito msanga. N'chifukwa chake ndi bwino kugwirizana makomo angapo kudzera kwa alangizi a ziweto. Thadzi lifungatire mazira 10 mpaka 12, amaswa pa masiku 21. Anapiye asungeni m'kakhola kotchinga mwezi woyamba, muziwapatsa gaga wosakaniza ndi zinyenyeswa za usipa, apo ayi mphamba ndi akhwangwala amatha onse. Nkhuku yogula kumsika ikhale payokha masabata awiri isanasakanikirane ndi zinzake.

Mango amakonda nthaka ndi kutentha kwa kunyanja kuno. Olumikiza, monga Kent ndi Tommy Atkins, amayamba kubereka pa zaka zitatu kapena zinayi. Dzalani mvula ikakhazikika, m'dzenje lothira manyowa owola, polumikizira pakhale pamwamba pa dothi. Mphukira zotuluka m'munsi mwa polumikizirapo muzizithyola, chifukwa zikakula mtengo umabwerera kukhala wamba. Tchingirani mtengo uliwonse mbuzi zisanamasulidwe, ndipo muuthirire m'chilimwe choyamba.

Zidzukulu

Pasanapite nthawi mwana adzaimba: "Amayi, ndibweretse mwanayu azikhala nanu." Mdzukulu amasangalatsa pakhomo, ndipo nthawi zina palibe kuchitira mwina. Komabe musanavomere, mumvane kuti akhala mpaka liti, za yunifolomu, sopo ndi chipatala azilipira ndani, ndipo makolo ake azibwera kangati. Buku lake la kuchipatala libwere naye limodzi, ndi neti yakeyake, poti malungo kuno sachedwa. Kutenga mwana wa wachibale kuti azingokutumikirani, iye n'kumajomba kusukulu, ndi kumulakwira mwanayo.

Thupi ndi mtima

Kulira ndi kusowa mtendere masabata oyamba n'kwachibadwa. Koma ngati kwa masabata awiri kapena kuposerapo simukugona, chakudya sichikulowa, zimene munkakonda sizikukukomeraninso, ndipo mukudzitsekera m'nyumba, amenewo akhoza kukhala matenda a nkhawa, ndipo amachizika. Uzani a zaumoyo a m'dera lanu kapena pitani kuchipatala. Maganizo ofuna kudzipha akabwera, uzani munthu tsiku lomwelo, musagone nawo nokha. Yezetsani BP ndi shuga ngakhale simukumva kuwawa, chifukwa matenda awiriwa amayamba mobisika. Amene mwatsala nokha, gwirizanani ndi aneba kuti chitseko chikapanda kutseguka dzuwa litakwera, agogode. Nambala za ana zilembedwe papepala lomata pakhoma, osati mufoni mokha.

Ana akadzasonkhana pa tchuthi, patulani madzulo amodzi a nkhani ya katundu. Lamulo la chuma cha masiye la 2011 limateteza mkazi kapena mwamuna wotsala pamodzi ndi ana, ndipo kulanda katundu wa masiye ndi mlandu. Wilo ilembedwe, musayine pamaso pa mboni ziwiri zimene sizidzalandirapo kanthu, ndipo ku ofesi ya DC kapena kukhoti angakulangizeni posungitsa. Malo a mbumba musawalembe ngati anuanu musanakambirane ndi mwinimbumba ndi amfumu. Yendani ndi anawo m'malire a munda uliwonse, aone ndi maso awo mtengo, chulu kapena khwawa limene likulekanitsa munda wanu ndi wa oyandikana nawo, ndipo mmodzi wa iwo alembe zonsezo m'kope.