Momwe mungapalasire njinga m'chigwa cha Rhine, kuchokera ku Bingen mpaka ku Koblenz

Pamapu ulendowu umaoneka wosavuta. Ndi makilomita pafupifupi 65 motsatira mtsinje wa Rhine ku Germany, ndipo njira ya m'mbali mwa madzi ndi yathyathyathya. Koma nyumba zamalinga zakale pafupifupi 40 za m'chigwachi, chomwe bungwe la UNESCO linachiika m'kaundula wake wa malo ofunika padziko lonse mu 2002, zambiri zili pamwamba pa zitunda. Eni ake anazimanga dala pamalo oti mdani afike atatheratu mphamvu. Wanjinga nayenso amafika chimodzimodzi. Ndiye pokonza ulendowu muwerenge zitunda zomwe mukwere musanawerenge makilomita.

Yambani ndi njingayo. Ikhale ya magiya opepuka oti mutha kupalasa pachitunda muli chikhalire. Onani mabuleki onse awiri, chifukwa kutsika kumaopsa kuposa kukwera: tinjira tochokera kumalinga n'topapatiza, tokhotakhota, ndipo pena n'toyala miyala yomwe imaterera ikanyowa. Tengani chubu chapadera, pampu, zigamba, loko, madzi ndi chipewa choteteza mutu. Kumeneko amayenda kumanja kwa msewu.

Kenako sankhani malinga anu musananyamuke. Atatu akukwana, ndipo masiku akhale awiri. Wofuna kukwera lililonse amangofika wefuwefu, n'kujambula chithunzi pachipata, n'kutsika osaona kanthu.

Nyamukani ku Bingen m'mawa, mutsate gombe lakumadzulo. Simungasochere, chifukwa m'mbali mwa mtsinje muli zikwangwani za manambala akuluakulu zomwe amayendera oyendetsa sitima zapamadzi. Ku Bingen nambala imakhala cha m'ma 529, ndipo imakwera mukamapita kumunsi kwa mtsinje. Mukafika ku Bacharach muona linga la Stahleck pamwamba pa minda ya mphesa. Masiku ano ndi malo ogona alendo. Liyang'aneni muli pansi, miyendo muisungire kutsogolo.

Mukangopitirira pang'ono, imani moyang'anizana ndi Kaub. Pakati pa madzi pali Pfalzgrafenstein, linga loyera lomangidwa pakachilumba, looneka ngati sitima yoima. Linayamba kumangidwa mu 1326 kuti azitolererapo msonkho kwa sitima zodutsa. Mukaona kupapatiza kwa mtsinje pamenepa mumvetsa chifukwa chake mabwana a nthawiyo ankalimbirana chigwachi: wamalonda analibe kwina kodzera.

Chitunda choyamba chenicheni chili ku Sankt Goar, kukwera ku Rheinfels, linga lomwe anayamba kumanga mu 1245. Ikani giya yopepuka musanayambe kukwera. Mukadikira mpaka miyendo italema, tcheni chimakhala chitakokeka kale ndipo chimatha kudumpha kapena kuguluka. Palasani pang'onopang'ono, mpweya uzikukwanani moti mutha kulankhula. Zikakanika tsikani mukankhe, palibe chamanyazi. Pamwambapo mupatseni nthawi yokwanira, chifukwa mabwinjawo ndi aakulu. Gonani ku Sankt Goar komweko.

Apa pali chinthu chomwe ambiri amaiwala: m'chigwa chonsechi mulibe mlatho mpaka ku Koblenz. Kuoloka n'kwa pantoni basi, ndipo pantoni ili ndi nthawi zake. Funsiranitu yomaliza imanyamuka nthawi yanji.

M'mawa mwake olokerani ku Sankt Goarshausen, mukwere thanthwe la Loreley lomwe lili pa nambala 555, mamita 132 kuchokera pamadzi. Kwa ine chitunda ichi ndiye mtima wa ulendo wonse. Muli pamwamba mumaona sitima zazitali zonyamula katundu zikukhota mosamala pakona yomwe inameza ngalawa zambiri kalekale. Potsika musakanikize mabuleki osalekeza, amatentha n'kuyamba kugwira mofooka. Gwirani, tayani pang'ono, gwiraninso, ndipo liwiro mulichepetse musanalowe pakona.

Bwererani kugombe lakumadzulo mpaka ku Boppard, muolokenso, mulunjike ku Braubach. Pamwamba pake pali Marksburg, linga lomwe silinagwetsedwepo, kotero mumaona khitchini, zipinda ndi mizinga zili m'malo mwake. M'kati mumalowa ndi wokuperekezani, ndiye musafike madzulo kwambiri. Mangani njinga ndi loko pansi pa chipata, mtunda wotsalawo muyende wapansi.

Miyendo ikakana panjira, njanji ili mbali zonse ziwiri za mtsinje, ndipo sitima zoima m'matauni ang'onoang'ono zimanyamula njinga. Miyendo ikalola, kuchokera ku Braubach kwatsala pang'ono, njira yake yopanda chitunda. Olokani mlatho ku Koblenz mukathere pa Deutsches Eck, pomwe mtsinje wa Mosel umathira mu Rhine. Linga la Ehrenbreitstein likhala likukuyang'anani kutsidya, pamwamba pa thanthwe. Limenelo mutha kulifikira pa kangolo koyenda pa chingwe, njinga ili chimangire pansi.