Mmene mungalembere nkhani ya ma alien yochitikira kwathu kuno ku Salima

Mwana wa achemwali anga ali Form 3, holide yapitayi anabwera ndi kope lodzadza ndi nkhani yolemba yekha, akuti "amalume tawerengani, ndi ya ma alien." Ndinawerenga yonse usiku womwewo ndipo mtima unakoma zedi kuona mwana akulemba popanda womutuma, koma chinthu chimodzi chinandiwawa. Ma alien ake anatera ku New York, mitu ikuluikulu maso akuda bii ngati aja timaonera mu video show, akuyankhula Chizungu, ndipo wodzapulumutsa dziko anali msilikali wa ku America. Mwanayu anabadwira ku Senga Bay, nyanja amasambamo tsiku ndi tsiku koma mu nkhani yonse munalibe olo bwato limodzi. Nde zomwe ndinamuuza ndati ndizilembe pano, mwina aliponso ena amene akufuna kuyesa.

Musanagwire cholembera, tulukani panja usiku. Sankhani tsiku lopanda mwezi, miyezi ya mwera ija kuyambira May mpaka August kumwamba kumakhala koyera, pitani kumchenga kutali ndi magetsi, foni muthumba, dikirani mphindi 20 kuti maso azolowere mdima. Muona mlalang'amba utayala ngati utsi. Kenako yang'anani kummwera, pali nyenyezi zinayi zopanga mtanda, ndipo pambali pake pali ziwiri zowala zoloza mtandawo. Mwa ziwirizo, yowala kwambiri yomwe ili patali ndi mtanda ndi Alpha Centauri. Pafupi nayo pali kanyenyezi kofiira kosaoneka ndi maso, Proxima Centauri, komwe ndi koyandikana kwambiri ndi dzuwa lathu kuposa nyenyezi ina iliyonse, ndipo mu 2016 anapeza kuti kali ndi pulaneti yake.

Ndikukutumani kumeneko chifukwa nkhani zambiri za ma alien zimafa pa nkhani ya mtunda. Kuwala kumathamanga makilomita 300,000 pa sekondi imodzi, koma kuti kuchoke pa Proxima kufika pa mchenga mwaimapo kumatenga zaka 4 ndi miyezi pafupifupi 3. Uthenga wa pa wailesi umayenda liwiro lomwelo. Ndiye mutati muwatumizire moni lero mwana wanu akuyamba Standard 1, iwo n'kuyankha tsiku lomwe aulandira, yankho lidzafika mwanayo atalemba kale mayeso a Standard 8. Apo ndi aneba apakhomo. Chombo cha Voyager 1 chomwe chinanyamuka mu 1977 chimayenda makilomita pafupifupi 17 pa sekondi, kutanthauza kuti ulendo wa Salima kukafika ku Lilongwe chitha kuumaliza mumasekondi 6, komabe pa liwiro limenelo mtunda wokafika ku Proxima ungachitengere zaka zoposa 70,000. Choncho mukalemba kuti ma alien afika ndi chombo, mukhale ndi yankho kuti anayenda bwanji, anadya chani, ananyamuka ndi ndani ndipo afika ndi zidzukulu za ndani. Ine ndimaona kuti nkhani yokoma kwambiri ndi yoti asabwere n'komwe, kungobwera mawu awo basi, anthu a pa Lifuwu kapena pa Chipoka n'kumakangana kuti tiyankhe kapena tisayankhe, podziwa kuti woyankhayo mwina sadzakhalapo yankho likamadzabwera.

Kenako phunzirani pang'ono mmene asayansi enieni amafufuzira, chifukwa iwo sayang'ana mbale zowuluka ayi, amamvetsera. Ntchitoyi amaitchula SETI. Mu 1960 Frank Drake analozetsa dishi yaikulu ya wailesi ku Green Bank, West Virginia, pa nyenyezi ziwiri, Tau Ceti ndi Epsilon Eridani, n'kumamvera pa 1420 MHz. Anasankha pamenepo chifukwa ndi pomwe mpweya wa hydrogen umamvekera, ndipo hydrogen ndi wochuluka kuposa china chilichonse mlengalenga, ndiye ganizo linali loti aliyense wanzeru kulikonse angadziwe kuti siteshoni yokumanirana ndi imeneyo. Sanamve kanthu kochokera kwa ma alien. Mpaka lero palibe amene watsimikiza kuti wamva.

Koma ma "pang'onong'ono" alipo, ndipo apa mpomwe pali ndiwo za wolemba nkhani. Mu 1967 ku Cambridge, mtsikana wophunzira dzina lake Jocelyn Bell anaona chizindikiro chogunda ngati mtima, kamodzi pa sekondi imodzi ndi kachidutswa, osaphonya. Anachipatsa dzina loti LGM-1, kutanthauza tianthu tobiriwira, kenako zinadziwika kuti ndi mtundu wa nyenyezi yakufa yozungulira mwaliwiro yomwe pano amati pulsar. Pa 15 August 1977 telesikopu ya Big Ear ku Ohio inagwira chizindikiro champhamvu kwa masekondi 72 kuchokera mbali ya gulu la nyenyezi la Sagittarius, Jerry Ehman atachiona papepala patapita masiku anachizungulitsa ndi cholembera chofiira n'kulemba "Wow!" pambali. Anthu akhala akulozetsa madishi pamalo omwewo kambirimbiri, sichinabwerenso. Ku telesikopu ya Parkes ku Australia kunali zizindikiro zina zomwe zinawazunguza mutu kwa zaka, mu 2015 anapeza kuti ndi microwave ya kukhitchini yawo yomwe, munthu akatsegula chitseko isanamalize kutenthetsa chakudya. Ndipo china chomwe anachigwira mu 2019 akuyang'ana Proxima yomweyi, chotchedwa BLC1, atachifufuza bwinobwino anapeza kuti ndi phokoso la zipangizo zathu zapansi pompano.

Phunziro lake kwa inu wolemba ndi ili: munthu wanu akamva chachilendo asathamangire kukuwa. Ayambe wadzikayikira. Azimitse jenereta, afunse ngati si tawala ya foni, asunthe dishi aone ngati chizindikiro chikusowa, abwezenso aone ngati chikubwera, ayimbire mnzake wakutali kuti nayenso amvere. Masiku atatu amenewo oti munthu akudziwa chinthu koma sangauze olo mkazi wake, ndi okoma kuwerenga kuposa nkhondo ya mfuti zamoto. Ndipo musaganize kuti zimenezi ndi za azungu okha, ku Karoo ku South Africa kuli telesikopu ya MeerKAT ya madishi 64, ndipo a Breakthrough Listen, pulogalamu yomwe inakhazikitsidwa mu 2015 ndi ndalama zokwana madola 100 miliyoni za Yuri Milner, amamvetsera kudzera pamenepo. Mtsikana wochokera ku Nkhotakota amene wapita kukaphunzira kumeneko n'kukhala woyamba kuona chizindikiro, nkhani imeneyo si yosatheka olo pang'ono.

Tsopano alien mwiniwakeyo. Apa ndikhalitsapo chifukwa mpomwe mwana wa achemwali anga anagwera. Ma alien a m'mafilimu ambiri ali ndi miyendo iwiri, manja awiri, mutu pamwamba, chifukwa kale njira yotchipa inali kumuveka munthu chinyawu n'kumujambula. Inu papepala simulipira ndalama ya zovala, ndiye mukoperanji? Yambirani kwawo, thupi libwere pambuyo. Dzifunseni kuti kwawoko kuli kuwala kapena mdima, kuli mtunda kapena madzi okhaokha, amadya chani, amaopa chani, ana amawalera bwanji.

Ife a kunyanja tili ndi mwayi chifukwa zachilendo tili nazo pakhomo. Chambo ndi mbuna zimasunga mazira ndi ana mkamwa, mayi osadya bwino masiku ambiri mpaka ana atakhwima. Taganizani mtundu wa zolengedwa zanzeru zolera chonchi, kwa iwo kutseka pakamwa ndi chikondi, ndiye atationa ife tikulongolola ana ali pamsana angaganize chani? Nkhungu zija zimatuluka pakati pa nyanja ngati utsi wa moto, mamiliyoni a tizilombo tochita chinthu chimodzi nthawi imodzi, bwanji alien wanu atakhala choncho, aliyense payekha wopanda nzeru koma akaunjikana n'kukhala maganizo amodzi? Mungamufunse bwanji dzina lake? Komanso nyanja yathuyi ukatsika kupitirira mamita 250 kulibe mpweya wopuma, nsomba sizikhalako, koma tizilombo tosaoneka ndi maso tilipo. Izi zikufanana ndi komwe asayansi akuyang'ana zenizeni: Europa, mwezi wa Jupiter, akukhulupirira kuti uli ndi nyanja pansi pa madzi oundana, ndipo chombo cha Europa Clipper chinanyamuka mu October 2024 kuti chikafike kumeneko mu 2030. Cholengedwa chokulira pansi pa denga la ayisi sichinaonepo nyenyezi, sichinakolezepo moto, sichingasule chitsulo. Chingadziwe bwanji kuti kunja kuli kanthu? Mukayankha funso limenelo lokha mwapeza kale mutu woyamba wa buku.

Chiyankhulo musachidumphe ndi kamakina komasulira. Mu 1974 asayansi anatumiza uthenga kuchokera ku Arecibo ku Puerto Rico, wa timadontho 1,679. Nambalayi anaisankha dala chifukwa imangogawika ndi 23 ndi 73, ndiye wolandira akaganiza bwino ayala timadonthoto mmizere 73 ya 23 n'kuona chithunzi cha munthu, manambala ndi dishi yotumizira. Anaulozetsa ku gulu la nyenyezi la M13, komwe udzafike patatha zaka pafupifupi 25,000. Yesani zomwezo kunyumba, jambulani uthenga wopanda chilembo chilichonse papepala la masamu lija la timabokosi, mumupatse mnzanu osamuuza kanthu. Pomwe wasokonekera lembani, zimenezo ndi zomwe anthu a mu nkhani yanu adzasokonekere nazo.

Ndipo chinthu chomwe chinamutsegula maso mwana uja ndi ichi. Pa Voyager 1 ndi 2 anamangirirapo chimbale chokutidwa ndi golide chokhala ndi nyimbo, zithunzi ndi moni m'ziyankhulo 55, ndipo Chinyanja chilipo, munthu akufunsa anthu akumwamba kuti muli bwanji. Voyager 1 inatuluka mdera la mphepo ya dzuwa (tizidutswa tomwe dzuwa limauluzira kutali) mu 2012, mawu amenewo ali kutali kuposa chinthu china chilichonse chopangidwa ndi manja a munthu. Anangoti "amalume zoona?" ndipo ndinamuonetsa pa intaneti anamvera yekha. Nanga atakhala kuti otola chimbalecho, mwa moni 55 yense uja, amva bwino wathuyu n'kubwera akufunafuna eni ake mawuwo?

Anthu a mu nkhani yanu akhale anthu omwe mumawadziwa. Kuwala kwachilendo kutaoneka kuseri kwa chilumba cha Namalenje, oyamba kuona ndi asodzi a usipa omwe ali panyanja ndi nyali zawo, osati pulezidenti. Wina adzati ndi ndege ya afiti, wina satelaiti za Starlink zija zimadutsa zitandondozana ngati mikanda, abusa adzanena zawo, a mfumu adzaitanitsa bwalo, wa kabaza pofika pa Kamuzu Road nkhani yakula kale kawiri. Aliyense mupatseni ulemu wake ndi chifukwa chake, musapange wina chitsiru kuti wasayansi aoneke wanzeru. Nthanda, yomwe ndi pulaneti ya Venus, imawala kwambiri moti anthu m'maiko ambiri amaiyesa chombo, ndiye ndi bwino mu nkhanimo mukhale agogo amene akuidziwa n'kunena motsimikiza kuti ayi, ichi si nthanda.

Lembani zochepa kaye, masamba anayi kapena asanu, usiku umodzi, bwato limodzi, anthu atatu. Mukamaliza muwawerengere mokweza anzanu a kudoko, ndipo pomwe msodzi wakudulani kuti "chilimira sitiponya choncho" konzani pompo musanapitirire. Mwana wa achemwali anga wayambiranso kope lina, pano alien wake ali pansi pa nyanja kufupi ndi zilumba za Maleri ndipo sanayankhulebe, tsamba lachitatu likutha asodzi akukangana kuti adule ukonde kapena aukoke.