Kuyamba Kukhoma Mipando Pakhomo: Yambani ndi Benchi la Paini

Amene amakhala mu Zomba amaona matabwa tsiku lililonse. Ena amatsika nawo m'phiri atasenza pamutu, ena atawamangirira panjinga, ndipo m'mbali mwa msewu ku Chinamwali ndi ku Matawale akalipentala amayala mabedi, zitseko ndi matebulo kudikira ogula. Malangizo ano ndi a munthu amene ali ndi ntchito yake ina, kaya ndi mphunzitsi, namwino kapena wogwira ntchito mu ofesi, koma mtima wake umafuna kuti Loweruka masana azigwira sowo n'kudzikhomera yekha zinthu zapakhomo pake. Zimenezi n'zotheka popanda makina ndiponso popanda magetsi, koma pali zinthu ziwiri zimene simungazilumphe: thabwa likhale louma, ndipo chitsulo chikhale chakuthwa.

Ndiyamba ndi thabwa, chifukwa ndi pamene oyamba kumene ambiri amagwera. Tebulo langa loyamba ndinalikhoma mu February, mvula ili pakati, ndi matabwa atatu a paini amene ndinagula m'mawa n'kuyamba kuwapala madzulo a tsiku lomwelo. Anali olemera, ozizira ukawagwira, ndipo utuchi wake unkamatirira ku mano a sowo, koma panthawiyo zizindikiro zimenezi sindinkazidziwa. Pofika September, dzuwa litaswa mtengo, pakati pa matabwa awiri panatseguka mpata woti ndalama yachitsulo n'kugweramo, ndipo thabwa lam'mphepete linapindika ngati chipande moti kapu ya tiyi inkapendekeka. Guluu analibe vuto, misomali inalinso bwino. Vuto linali madzi amene anali m'matabwamo.

Mtengo umamwa chinyezi ndi kuchitaya moyo wake wonse, ngakhale utasanduka kale mpando. Ukamauma umachepa m'lifupi mwake, koma m'litali sumasintha kwenikweni, ndipo kusiyana kumeneku ndi kumene kumang'amba matebulo ndi kukhotetsa zitseko. Paini wongochekedwa kumene akhoza kukhala ndi madzi olemera mofanana ndi mtengo weniweniwo, pamene matabwa oyenera mipando ya m'nyumba amafunika chinyezi cha pafupifupi 12 pa 100 alionse. Choncho musakhulupirire mawu okha a wogulitsa akuti matabwawa ndi ouma. Nyamulani awiri ofanana kukula muone lopepuka, ligwireni ndi kuseri kwa dzanja mumve ngati likuzizira, kenaka ligogodeni ndi chala: louma limalira mwakuthwa, laliwisi limangoti phu.

Njira yodalirika ndi kuumitsa nokha. Sankhani malo a mthunzi amene mphepo imadutsa, monga pakhonde la kuseri, ikani njerwa pansi kuti matabwa asakhudze dothi, ndipo pakati pa thabwa ndi linzake muikepo timitengo topyapyala totalikirana theka la mita. Timitengo timeneti tikhale tolunjikana kuyambira pansi mpaka pamwamba, apo ayi matabwa adzauma atakhota. Pamwamba tsindikanipo njerwa zingapo, ndipo kunsonga kwa thabwa lililonse pakaniko penti wotsala, chifukwa kunsonga ndi kumene kumauma msanga n'kuyamba kung'aluka. Musawayanike padzuwa ngati chimanga. Paini wokhuthala inchi imodzi amauma m'miyezi yochepa ya chilimwe, koma mitengo yolimba amisiri amaiwerengera chaka chathunthu pa inchi iliyonse. Kuno kwathu, kumene mvula imayamba chamu November n'kusiya chamu April, ndi bwino kugula matabwa mu May kuti mudzawagwiritse ntchito mu August kapena September, chiperoni cha June ndi July chitadutsa.

Pa mtundu wa mtengo, ine ndimalangiza paini kwa aliyense woyamba. Ngwofewa, ngwotsika mtengo, ndipo mukalakwitsa kudula simudandaula kwambiri. Kuipa kwake ndi mfundo, zimene zimagomola puleni ndi kutulutsa utomoni, komanso chiswe chimamukonda, choncho sankhani matabwa a mfundo zochepa ndi zazing'ono. Matabwa a malaina ndi opepuka ndipo amapalika bwino, pamene a sindereya ndi ofiirira ndi onunkhira, okongola pa kabati kapena shelefu. Bulugamu ngwolimba koma ngwovuta: amapotoka akamauma ndipo amang'aluka mukakhoma msomali musanaboole. Mbawa ndi mlombwa ndi mitengo ya mipando yapamwamba, koma yasowa, ndipo si yoti munthu aziphunzirirapo kucheka. Mkungudza wa ku Mulanje, umene ndi mtengo wa fuko lathu, watsala pang'ono kutheratu m'phiri muja, moti wina akakutsatsani musagule ngakhale mtengo wake utatsika bwanji. Funsaninso kumene matabwa a paini achokera ndipo gulani kwa amene ali ndi chilolezo cha a zankhalango, chifukwa nkhalango ya pamwamba pa phiri la Zomba ndi imene imateteza damu la Mulunguzi, kumene kumachokera madzi amene timamwa mumzinda uno.

Zipangizo zoyambira si zambiri. Mufunika tepi, pensulo, sikweya (chipangizo chooneka ngati chilembo cha L choyezera ngodya), sowo, puleni ya nambala 4, matchizulo awiri kapena atatu a mamilimita 6, 12 ndi 25, hamala, sikuludiraiva, choboolera chamanja ndi mwala wonolera. Puleni yakale yogula kwa ogulitsa zitsulo pamsika nthawi zambiri imaposa yatsopano yotchipa, bola pansi pake pakhale posalala ndi popanda mng'alu. Sikweya muiyese musanalipire: igunditseni m'mphepete mwa thabwa lowongoka n'kujambula mzere, itembenuzeni n'kujambulanso pamalo omwewo, ndipo mizere iwiriyo ikasiyana isiyeni, chifukwa sikweya yonama idzakhotetsa chilichonse chimene mudzakhome.

Kunola ndi luso loyamba kuliphunzira, ngakhale musanadule thabwa. Tchizulo ndi mpeni wa puleni zimanoledwa mopendekeka madigiri 25 mpaka 30. Donthezani mafuta pang'ono pamwala, yendetsani chitsulo kutsogolo ndi kumbuyo osasintha kapendekedwe ka dzanja mpaka mutamva kakhungu kachitsulo kuseri kwake, kenaka gonekani kuseriko pamwala n'kukachotsa. Muyese kunsonga kwa thabwa la paini: chitsulo chakuthwa chimasenda mosalala, chobuntha chimaphwanya ndi kusiya mabowo. Chitsulo chobuntha ndi chimenenso chimavulaza anthu, chifukwa chimafuna mphamvu zambiri n'kuterereka. Pogwiritsa ntchito tchizulo, manja onse awiri akhale kumbuyo kwa nsonga yake nthawi zonse, ndipo thabwa likhale lopanidwa, osati logwiridwa ndi dzanja kapena lotsamiritsidwa pantchafu. Ana akakhala pafupi, zitsulo zikhale pamwamba.

Pogwirira ntchito mukhoza kugwiritsa ntchito chitseko chakale choikidwa pa miyendo yolimba, n'kukhomerapo kathabwa kumapeto kuti kazitchinga thabwa lanu mukamapala.

Chinthu choyamba kukhoma chikhale benchi la matabwa asanu: thabwa lapamwamba, matabwa awiri oimirira ngati miyendo, ndi awiri opyapyala olumikiza miyendoyo m'mbali. Ndimalikonda benchi limeneli chifukwa limaphunzitsa kuyeza, kudula, kupala ndi kulumikiza, komanso chifukwa thabwa lapamwamba ndi miyendo zimafufuma ndi kuchepa molowera mbali imodzi, moti nyengo ikasintha sizikokana. Kutalika kwake kuchokera pansi kukhale masentimita 45, umene ndi msinkhu wa mpando wamba, m'litali 90 ndipo m'lifupi pafupifupi 28.

Yambani ndi kupala nkhope imodzi ya thabwa lililonse mpaka itasalala, kenaka mphepete imodzi mpaka itagwirizana ndi sikweya, ndipo mbali ziwirizi muzilembe chizindikiro ndi pensulo. Miyezo yonse iyambire kumbali zolembedwazo. Mukamapala, tsatani kumene mizere ya mtengo ikulowera. Puleni ikayamba kuzula ndi kusiya zigamba, tembenuzani thabwa mupale kuchokera mbali inayo. Puleni yokonzedwa bwino imatulutsa zopalidwa zopyapyala zopotana, zoti mukhoza kuonera kuwala, ndipo ikamatulutsa zokhuthala ndiye kuti mpeni watuluka kwambiri.

Matabwa otambalala masentimita 28 sapezeka kawirikawiri, choncho mudzalumikiza awiri a mainchi 6. Apa pakufunika kudekha. Aikeni awiriwo mmene adzakhalire, apindeni ngati mukutseka buku, apaneni pamodzi n'kupala mphepete zonse ziwiri nthawi imodzi, chifukwa mukatero kupendekeka kulikonse kwa dzanja lanu kumakwanirana mukawatambasula. Imikani limodzi pamwamba pa linzake moyang'ana kuwala, ndipo ngati kuwala kukudutsa pakati, palaninso. Zikagwirana, pakani guluu woyera wa matabwa mopyapyala mbali zonse ziwiri n'kupana. Amene alibe makalampu, zipangizo zopanira matabwa, asadandaule: mphira zodula ku chubu chakale cha njinga, zokulungidwa mokoka kangapo, zimapana mokwanira, bola muike timatabwa towongoka pamwamba ndi pansi kuti matabwawo asatukuke pakati. Guluu wotuluka mumupukute ndi kansalu konyowa asanaume, chifukwa pamene watsalira vanishi salowa ndipo pamakhala banga. Musakhudze kufikira mawa lake. Miyendo nayonso mudzailumikiza chimodzimodzi.

Dulani miyendo iwiri ya masentimita 43 m'litali ndi 25 m'lifupi. Jambulani mzere ndi sikweya kuzungulira thabwa lonse, ndipo sowo idutse kunja kwa mzere, kumbali yotayidwa, chifukwa sowo imadyako thabwa pang'ono ndipo ikadutsa pamzere penipeni mwendo umafupika. Poyamba kudula, tsamiritsani sowo ku chala chachikulu n'kuikokera kumbuyo kawiri kapena katatu kuti ipange kanjira, kenaka chekani ndi sowo yonse mosaikakamiza. Mukamayandikira kumapeto gwirani chidutswa chimene chikugwa kuti chisang'ambe ngodya. Miyendo iwiriyo muiphatikize n'kuona ngati ili yofanana ndendende. Pansi pa mwendo uliwonse dulanipo kampata kooneka ngati chilembo cha V chozondoka, kuti benchi liime pa mapazi anayi ndipo lisagwedezeke pa simenti yosasalala.

Matabwa am'mbali akhale a masentimita 80 m'litali ndi 8 m'lifupi. Pa ngodya ziwiri zapamwamba za mwendo uliwonse semanipo malo oti thabwa lam'mbali likhalepo. Musayeze malowo ndi tepi. Ikani thabwa lenilenilo pamwendo n'kulijambula, chifukwa thabwa la inchi imodzi likapalidwa silikhalanso inchi imodzi. Dulani ndi sowo, salazani ndi tchizulo, ndipo yesani kulumikiza zonse popanda guluu kuti muone pamene pakukana. Mukakhutira, pakani guluu n'kumanga ndi masikuluu awiri pamalo alionse olumikizira, mutayamba mwaboola kabowo kocheperako, chifukwa sikuluu kapena msomali wolowa pafupi ndi nsonga ya thabwa popanda bowo umaling'amba. Guluu asanagwire, yezani ndi tepi kuchokera pa ngodya ina kukafika pa ngodya yopingasana nayo, kenaka mbali inayo. Miyezo iwiriyo ikafanana ndiye kuti chimango chili bwino, ndipo ikasiyana kankhani pang'ono ngodya yaitaliyo mpaka ifanane. Pomaliza ikani thabwa lapamwamba, litulukire mofanana mbali zonse, n'kulimanga ndi masikuluu olowa mpaka mitu yake itabisika.

Kusalaza kumatenga nthawi kuposa mmene ambiri amaganizira. Kulungani sandipepa pa kachidutswa ka thabwa, yambani ndi wa nambala 80, kenaka 120, n'kumalizira 180, ndipo nthawi zonse muzitsata mizere ya mtengo, chifukwa zokanda zopingasa zimene simukuziona tsopano zidzaonekera poyera vanishi akalowa. Ngodya zonse muziphe pang'ono kuti zisamakole zovala. Chitani zimenezi panja mutaphimba mphuno ndi pakamwa. Vanishi woyamba mumusungunule pang'ono monga mmene zalembedwera pachitini kuti alowe m'thabwa, adikireni aume, salazani mopepuka, n'kupakanso kawiri. Pakani pamwamba ndi pansi pomwe, makamaka kumapazi kumene kumakumana ndi madzi okolopera, ndipo pewani tsiku lamvula kapena lachifunga chifukwa vanishi amachedwa kuuma n'kuchita mbuu. Nsalu zimene mwapukutira mafuta a matabwa muziyanike zotambasula panja, musaziunjike pakona, chifukwa zina zimatentha zokha n'kuyaka.

Pali zinthu zimene zimamveka bwino munthu akaziona ndi maso, monga kaimidwe ka mpeni wa puleni ndi kanoledwe ka sowo. Pitani kwa kalipentala wa m'dera lanu nthawi imene alibe ntchito yothamangira, mulonjereni mwaulemu, mufotokoze kuti mukuphunzira zapakhomo chabe, ndipo mulipire pa nthawi yake kapena muguleko zidutswa zimene watsala nazo. Ambiri amasangalala kuonetsa luso lawo kwa munthu wofunsa bwino. Wofuna maphunziro a dongosolo akafunse ku sukulu za ntchito zamanja zimene zili pansi pa TEVETA.

Benchi likatha, zidutswa zotsala musazisonkhezere moto. Muzigwiritse ntchito pophunzira kalumikizidwe kamene akalipentala amati motisi ndi tenoni, kumene mumaboola dzenje la ngodya zinayi m'thabwa lina n'kusema lilime pa linzake kuti lilowemo. Lilimelo likhale lokhuthala gawo limodzi mwa magawo atatu a thabwa, ndipo dzenje muyambe kuliboola ndi tchizulo kuchokera pakati kupita kumapeto, mukumenya ndi nyundo yamtengo, osati hamala yachitsulo imene imaphwanya chigwiriro. Lilime loyenera limalowa ndi mphamvu ya dzanja lokha ndipo siligwa mukalizondotsa. Mukakwanitsa asanu otere motsatizana, mukhoza kuyamba kudula miyendo ya tebulo la masentimita 75, ndi matabwa amene munawasanja pakhonde mu May.