Musanalembe za bwana wanu pa Wikipedia kapena kuyikapo chithunzi cha pa Facebook, tamvani izi

Achinyamata ambiri ayamba kutsegula maakaunti pa Wikipedia, ena pa ya Chingerezi ena pa yathu ya Chichewa ija, yomwe mpaka pano ndi yaing'ono kwambiri moti aliyense wobwera kudzathandiza timamulandira ndi manja awiri. Koma chomwe chikugwetsa ulesi ambiri ndi chakuti munthu wathera bandulo yake, walemba usiku wonse, kukacha apeza tsamba lafufutidwa mwinanso akaunti yabulokedwa. Kawirikawiri amakhala kuti walemba za chinthu chomukhudza iye mwini osaulula, apo ayi watenga mawu kapena zithunzi za eni ake.

Za ku Malawi lembani ndithu, zikufunika kumene. Phiri la Mulanje, chambo, John Chilembwe, ngakhale dera la kwanu bola pali mabuku kapena manyuzipepala omwe analembapo. Vuto limayamba nkhaniyo ikakhala ya inu nomwe, ya amalume anu omwe akuyimira pa chisankho cha aphungu, ya kampani yomwe mumagwirako ntchito, ya bungwe lomwe limakupatsani alawansi, ya abusa anu, kapena ya mnzanu woyimba amene wakutumani kuti aise tandiyikeko pa Wikipedia. Chibale si mlandu ayi. Kungoti ngakhale mutakhala wachilungamo bwanji dzanja limapendekera basi, nkhani ya kukhothi ija mumaidumpha, kamphotho kakang'ono kaja mumakakuza mpaka ndime yonse. Paja mfumu yanzeru siweruza yokha mlandu wa mwana wake, imayitana anzake. Ngakhale Jimmy Wales, mmodzi mwa omwe anayambitsa Wikipedia mu 2001, anthu anamunena mu 2005 zitadziwika kuti ankasintha yekha mbiri yake, nanga inu ndi ine ndife ndani.

Ndiye chitani chonchi. Pa tsamba la akaunti yanu lembani poyera kuti ine ndimagwira ntchito kwakuti, kapena uje ndi mbale wanga. Kenako nkhaniyo musaikhudze mwachindunji, pitani ku talk page yake, kumene akonzi amakambirana, mukanene chomwe mukuona kuti ndi cholakwika, mawu omwe mukufuna alowe m'malo mwake, ndi linki ya gwero lodalirika. Mkonzi wina yemwe sizikumukhudza adzaona ndi kusintha ngati zili zomveka. Zimachedwa inde, nthawi zina masabata, chifukwa anthu amenewa ndi ongodzipereka salandira kanthu. Ngati nkhaniyo kulibiretu, pa Wikipedia ya Chingerezi lembani ngati draft, kutanthauza nkhani yongoyamba yomwe sinatuluke, nkuitumiza ku Articles for Creation, kumene nkhani zatsopano zimadikirira, kuti ena aiunike kaye. Akaunti nayo ikhale ya munthu mmodzi, osaipatsa dzina la kampani nkumagawana pasiwedi ofesi yonse, imeneyo amabuloka.

Pakalowa ndalama pamenepo si langizo chabe, ndi lamulo. Kuyambira mu June 2014 malamulo a Wikimedia Foundation, bungwe lomwe limayendetsa Wikipedia, amati aliyense wolipidwa kuti alembe aulule yemwe wamulemba ntchito, kasitomala wake ndi ena okhudzidwa. Inu a PR, osamalira mbiri ya kampani, ndi a zofalitsa nkhani m'mabungwe izi ndi zanu, poti kulemba za bungwe lanu ndi gawo la ntchito yomwe mumalandirira malipiro kumapeto a mwezi. Lamuloli linabwera kutachitika nkhani ya Wiki-PR, kampani ya ku America yolembera anthu masamba a pa Wikipedia mobisa molipiritsa, yomwe mu 2013 maakaunti oposa 250 okhudzana nayo anabulokedwa. Bell Pottinger ya ku London, yomwe inadzagwa mu 2017 chifukwa cha ntchito yomwe inagwirira banja la a Gupta ku South Africa, nayo inagwidwapo mu 2011 ikupukuta mbiri za makasitomala ake mobisa.

Nkhani yomwe ndikufuna muisunge kwambiri ndi ya gulu la akathyali lomwe analitcha Orangemoody. Mu August 2015 anabuloka maakaunti 381 a gulu lomwe linkasaka ma draft okanidwa, nkulembera eni mabizinesi ndi oyimba kuti tipatseni ndalama tikutulutsirani tsamba lanu, ena mpaka kunamizira kuti ndi akuluakulu a pa Wikipedia, tsamba likatuluka nkuyambanso kulipiritsa mwezi ndi mwezi kuti ati aziliteteza. Masamba aja anafufutidwa, ndalama zinapita. Wina akakutumizirani imelo kapena meseji ya pa WhatsApp kuti angakuyikeni pa Wikipedia mukamutumizira kenakake pa foni, dziwani kuti palibe munthu angalonjeze zimenezo. Komanso ganizani kawiri musanalilire tsamba, likangotuluka silanu, aliyense angawonjezere zomwe manyuzipepala analemba kuphatikizapo zija simukufuna kuti apongozi awerenge, ndipo simungalifufute chifukwa choti lakunyasani.

Tsopano za kukopera. Mukadina batani losindikiza lija mumakhala mwavomera kuti zomwe mwalemba zili pa laisensi ya CC BY-SA, kutanthauza kuti aliyense padziko angazitenge, kuzisintha, ngakhale kuzigulitsa, bola atchule komwe wazitenga ndipo naye asazitsekere ena. Ndipo simungabweze mawu. Ndiye mungapereke bwanji chinthu choti si chanu? Nkhani ya mu Nation kapena Times ili ndi eni ake, mutha kuitchula ngati gwero koma osati kuinyamula yonse nkuimata. Kusintha mawu awiri atatu chiganizo nkukhala chomwecho ndi kukopera komwebe. Kuimasulira m'Chichewa nakonso sikuiyeretsa, apa mpamene ambiri a ife timagwera poganiza kuti poti chilankhulo chasintha ndiye kuti zasanduka zathu. Pali zida ngati CopyPatrol ndi Earwig's Copyvio Detector zomwe zimafananitsa zolemba zanu ndi zomwe zili kale pa intaneti, sizichedwa kugwira.

Njira yake ndi yophweka koma imafuna kufatsa. Werengani magwero awiri kapena atatu, tsekani, lembani momwe mwamvera ndi mawu anuanu, kenako bwererani mukatsimikize zaka ndi manambala nkuyika gwero pa mfundo iliyonse. Mfundo yoti Malawi analandira ufulu wodzilamulira pa 6 July 1964 ilibe mwini, chomwe chili ndi mwini ndi kalembedwe ka munthu. Kumasulira nkhani ya pa Wikipedia ya Chingerezi ndi kololedwa, kungoti mu edit summary, kabokosi kofotokozera zomwe mwasintha, munene kuti mwamasulira kuchokera ku tsamba lakuti ndipo muyike linki.

Zithunzi nazo zimafufutidwa kwambiri. Mwini chithunzi ndi amene anajambula, osati amene akuoneka pachithunzipo, osatinso amene wachipeza pa Facebook kapena mu gulupu. Chithunzi chanu cha pa ukwati chomwe anajambula wakamera uja mwina umwini wake udakali kwa iyeyo ngati simunagwirizane zina, ngakhale munalipira. Ndiye musasankhe own work, kutanthauza kuti ndi ntchito yanu, pa Wikimedia Commons, komwe zithunzi za pa Wikipedia zimasungidwa, pa chinthu choti simunajambule ndinu. Ngati wojambulayo walola, alembe yekha imelo ku gulu la VRT, odzipereka omwe amalandira zilolezo zotere, kunena kuti akupereka chithunzicho pa laisensi yaulere ngati CC BY-SA ija, mawu akuti anandiuza pa foni kuti palibe vuto sagwira ntchito, ndipo chilolezo choti mugwiritse ntchito pa Wikipedia pokha koma osagulitsa nacho Commons siilandira. Kujambula chikuto cha chimbale kapena posita ndi foni yanu sikukupatsani umwini wa zomwe zili pamenepo. Chakale nacho musangoti ndi chaulere, lamulo lathu la Copyright Act la 2016, lomwe a COSOMA amayendetsa, limateteza luso mpaka zaka 50 mwini wake atamwalira, ndipo Commons imafunanso kuti chikhale chomasuka pa malamulo a ku America. Zabwino kungotenga foni nkukajambula nokha, msika wa kwanu, bwato pa nyanja, usipa uli pa thandala, zoterezi nzomwe zikusowa, ndipo mpikisano wa Wiki Loves Africa womwe unayamba mu 2014 umafuna zomwezo.

Mukalandira chenjezo pa talk page ya akaunti yanu musakwiye nkukatsegula akaunti ina kuti mubwezeretse zomwe zafufutidwa, alipo akonzi omwe amatha kuona kuti maakaunti awiri ndi a munthu mmodzi ndipo amatseka onse. Yankhani pomwepo, nenani ubale wanu ndi nkhaniyo kapena komwe munatenga mawuwo, nkufunsa kuti mukonze pati.