Ngati m'banja mwanu munali wojambula zithunzi, musataye katoni yake

Vivian Maier ankagwira ntchito yolera ana ku Chicago, mzinda wa ku America, n'kumajambula zithunzi m'misewu mongodzisangalatsa. Mu 2007 katundu wake anagulitsidwa pamsika chifukwa sanalipire malo osungirako, ndipo m'menemo munapezeka ma negative (mafilimu a kamera omwe amatsukirapo zithunzi) oposa 100,000. Lero zithunzizo ndi mbiri ya mzindawo. Ifenso tili ndi amalume ndi agogo omwe ankayenda ndi kamera kumaukwati, kumsika ndi kumpira, koma makatoni awo akudyedwa ndi chiswe.

Choyamba, musathamangire kusikana (kukopera zithunzi mu kompyuta ndi makina a scanner). Khalani pansi ndi akuluakulu akadali moyo, muwafunse kuti uyu ndani, apa m'pati, chinali chaka chanji. Lembani kuseri ndi pensulo yofewa, osati bolopeni, chifukwa inki imalowerera mpaka kutsogolo. Chithunzi chopanda dzina chimasanduka cha anthu achilendo m'badwo umodzi wokha, ndipo izi zimandiwawa kwambiri. Musasokonezenso m'mene mwini wake anazisanjira m'maenvulopu, kawirikawiri ndondomekoyo imasonyeza zaka.

Ma negative musataye ngakhale zithunzi zake zilipo, ndipo muziwagwira m'mphepete mokha. Sungani zonse pamalo ouma, kutali ndi dzuwa ndi khoma lachinyezi. Laminating (kumata chithunzi m'pulasitiki) ayi ndithu, imawononga ndipo sibwezeka.

Posikana gwiritsani ntchito 600 dpi (muyezo wa kuoneka bwino kwa chithunzi pa scanner), musunge mafayilo malo awiri osiyana. WhatsApp imachepetsa ukulu wa chithunzi, choncho musadalire zomwe mwatumizirana m'gulu la banja.

Zikachuluka, kafunseni ku National Archives (kosungira zolembedwa zakale za dziko) ku Zomba kapena ku Society of Malawi (bungwe losunga mbiri yakale) ku Mandala House, Blantyre.