Kupanga mvula ndi mitengo mu gemu popanda kulemetsa foni

Inu amene mukupanga magemu pa mapulogalamu opangira magemu a Godot kapena Unity kuno ku Kasungu, dziwani kaye kuti pa mafelemu (zithunzi zomwe gemu imaonetsa motsatizana) 60 pa sekondi felemu iliyonse ili ndi mamilisekondi 16 okha ndi pang'ono, ndiye simungagwetse madontho a mvula m'dziko lonse la gemu ayi. Ntchito ndi kupusitsa maso basi.

Pangani ma particle, tizithunzi ting'onoting'ono toimira madontho, mu kabokosi kotsatira kamera kulikonse. Dontho likhale kamzere kotalika koonekera mkati, osati kampira. Pa Godot 4 ikaninso GPUParticlesCollisionHeightField3D kuti madontho azithera pa denga, apo ayi mvula izigwa mpaka m'chigafa, fodya yense kunyowa.

Koma kwa ine mvula imakhutiritsa pansi osati m'mwamba. Dothi la katondo likanyowa limada, ndiye mu shader (kapulogalamu konena mmene chinthu chionekere) detsani mtundu, tsitsani roughness (kukhakhala kwa pamwamba) kuti pansi paziphanima, m'malo okumbika muike zithaphwi zokhala ndi normal map (chithunzi choonetsa ngati pali mabampu) ya timabwalo tomwe madontho amapanga akagwa, ndipo osanyowetsa zonse kamodzi ayi, zizibwera pang'onopang'ono, pansi pa mtengo wa mango pazichedwa kunyowa kusiyana ndi pamsewu. Phiri la Kasungu kutali uko lizizimirira ndi fog (nkhungu) mvula ikalimba.

Mitengo yodawunilodayi yambiri ndi mapaini a kunja, sigwirizana ndi tchire la miombo lathu lomwe mitengo yake imayala pamwamba ngati ambulera. Thyolani kanthambi ka msuku, kajambuleni pa nsalu yoyera, chotsani nsaluyo pa chithunzi, kenako matani chithunzicho pa timakadi tafulati toimira nthambi mu Blender, pulogalamu youmbira zinthu za 3D. Tsamba lililonse palokha ayi, foni ingafe. Timakadito tiduleni mothina pafupi ndi masamba komanso mugwiritse alpha scissor, yomwe imangotaya mbali zopanda tsamba, chifukwa malo oonekera mkati akasanjikizana GPU (chipu chojambula zithunzi mu foni) imajambula pikiselo imodzi, kadontho ka pa sikirini, kambirimbiri. Mtengo wakutali ungokhala chithunzi chimodzi choyang'ana kamera, ndiyo LOD imeneyo, kuchepetsa tsatanetsatane wa zinthu zakutali.

Mphepo muipange mu vertex shader, shader yosuntha ma vertex, timfundo topanga mawonekedwe a mtengo. Pentani vertex colour (mtundu wa pa timfundoto) yakuda patsinde, yoyera kunsonga, kuti tsinde lisasunthe koma nthambi zizigwedezeka ndi sine (masamu opita uku ndi uku ngati funde), mtengo uliwonse pa nthawi yakeyake. Mphepo yomweyo ipendamitsenso mvula, osati mitengo kuweramira ku Lilongwe madontho akulowera ku Mzimba.

Yesani pa foni yotchipa, osati pa laputopu yokha. Ikayamba kutentha chepetsani kaye madontho, pansi ponyowapo musapakhudze.